Imfa za msanga za khansa ya m'mapapo ndi umphawi ku England

Khansa ya m'mapapo imapha anthu ambiri ku United Kingdom kuposa khansa ina iliyonse. Chaka chilichonse anthu pafupifupi 35,000 amamwalira nayo, kutanthauza kuti pa anthu asanu aliwonse omwalira ndi khansa, mmodzi amakhala wa khansa ya m'mapapo. Imfazi sizigwa mofanana m'dziko monse. Ku England, munthu wokhala m'mizinda ya kumpoto monga Manchester, Liverpool ndi Hull ali pa chiopsezo chachikulu chomwalira ndi matendawa asanakalambe, kusiyana ndi munthu wa msinkhu womwewo wokhala m'maboma olemera a kum'mwera. Pakati pa maboma ena chiopsezochi chimasiyana katatu. Mapu osonyeza imfazi akaikidwa pambali pa mapu osonyeza umphawi, awiriwa amafanana kwambiri, ngakhale kuti safanana paliponse.

Ku England chithandizo cha kuchipatala ndi chaulere kuyambira mu 1948, pamene bungwe la National Health Service, kapena kuti NHS, linakhazikitsidwa. Choncho kusiyanaku sikuchokera pa kulephera kulipira dokotala. Chachikulu chimene chimalumikiza umphawi ndi khansayi ndi fodya, makamaka fodya amene anthu anasuta zaka 20 kapena 30 zapitazo. Zina ndi ntchito zimene anthu ankagwira m'mafakitale, mpweya woipa, komanso kuchedwa kudziwika kwa matenda.

Tanthauzo la imfa ya msanga

Pa ziwerengero za zaumoyo ku England, imfa ya msanga ndi imfa ya munthu amene sanakwanitse zaka 75. Malire amenewa ndi ongogwirizana, sikuti pa zaka 75 pali chimene chimasintha m'thupi. Amathandiza chifukwa anthu a m'dzikoli amakhala ndi moyo zaka pafupifupi 80, ndiye imfa zambiri zochitika munthu asanafike zaka 75 zimakhala zoti zikanapewedwa kapena kuchedwetsedwa.

Kungowerenga maliro a m'dera kukhoza kusocheretsa. Tauni ya m'mbali mwa nyanja kumene anthu amakakhala akapuma pa ntchito imakhala ndi okalamba ambiri, pamene mzinda wa yunivesite umadzaza ndi achinyamata, ndipo khansa ya m'mapapo sigwira kawirikawiri munthu wosakwana zaka 40. Pa chifukwa chimenechi owerengera amakonza manambala kuti zikhale ngati dera lililonse lili ndi anthu a misinkhu yofanana, kenako amanena kuchuluka kwa imfa pa anthu 100,000 aliwonse. M'maboma a anthu ochepa amaphatikiza zaka zitatu pamodzi, popeza imfa za chaka chimodzi zimatha kukwera kapena kutsika popanda chifukwa chenicheni.

Manambalawa amachokera m'zikalata za imfa zimene bungwe la Office for National Statistics limasonkhanitsa. Kuyambira mu 2013 bungwe la Public Health England ndi limene linkawafalitsa boma ndi boma, ndipo litathetsedwa mu 2021 ntchitoyi inapita ku Office for Health Improvement and Disparities. Mu Juni 2013 Public Health England inatsegula tsamba la pa intaneti lotchedwa Longer Lives, limene linaika madera a makhonsolo 150 pa mndandanda malinga ndi imfa za msanga za matenda onse. Manchester inali pamapeto ndi imfa 455 pa anthu 100,000 aliwonse, pamene Wokingham, tauni yolemera ya kumadzulo kwa London, inali ndi 200.

Mmene amayezera umphawi wa dera

Malipoti a Chingerezi amagwiritsa ntchito mawu akuti deprivation, amene amatanthauza zambiri kuposa kusowa ndalama. Amanena za kusowa zinthu zimene anthu ena m'dziko lomwelo amazipeza mosavuta, monga ntchito yokhazikika, maphunziro, nyumba yabwino ndi malo otetezeka. Boma limayeza zimenezi ndi mulingo wotchedwa Index of Multiple Deprivation. Pa mulingo wa mu 2019, England inagawidwa m'timadera 32,844, kalikonse kokhala ndi anthu pafupifupi 1,500, ndipo timaderati tinaikidwa pa mndandanda kuyambira kosauka kwambiri mpaka kolemera kwambiri.

Mulingowu umaphatikiza zinthu zisanu ndi ziwiri. Ndalama zimene mabanja amapeza ndi kusowa kwa ntchito ndi zimene zimalemera kwambiri, chilichonse 22.5 peresenti. Maphunziro ndi umoyo zimatenga 13.5 peresenti chilichonse. Zitatu zotsalazo, zomwe ndi umbanda, kuvuta kwa kupeza nyumba ndi chithandizo, komanso mmene malo okhala alili, zimatenga 9.3 peresenti chilichonse. Mu 2019 kadera kosaukitsitsa kanali ku Jaywick, m'boma la Tendring ku Essex, koma pa timadera khumi tosaukitsitsa, tisanu ndi titatu tinali mu Blackpool. Maboma a Middlesbrough, Liverpool, Knowsley, Hull ndi Manchester ndi amene anali ndi gawo lalikulu la timadera tosauka kwambiri.

Pali zinthu ziwiri zofunika kusamala nazo powerenga mulingowu. Choyamba, umayeza dera osati munthu. M'dera losauka mumakhalanso anthu opeza bwino, ndipo osauka ambiri amakhala m'madera amene mulingo umawaika pakati kapena pamwamba. Chachiwiri, gawo la umoyo la mulingowu limawerengera kale imfa za msanga. Kuyerekeza imfa ndi mulingo wonse kuli ngati kuyeza chinthu ndi mthunzi wake womwe, n'chifukwa chake ofufuza ambiri amatenga gawo la ndalama lokha.

Kusiyana kwa maboma

Mu Disembala 2023 magazini ya zachipatala ya The Lancet Oncology inasindikiza kafukufuku wa akatswiri a ku Imperial College London, amene anaunika imfa za khansa m'maboma 314 a England kuyambira 2002 mpaka 2019. Iwo anatenga zaka 80 ngati malire m'malo mwa 75. Anapeza kuti mu 2019 chiopsezo choti mayi amwalire ndi khansa ya mtundu uliwonse asanafike zaka 80 chinali mmodzi mwa khumi ku Westminster, koma mmodzi mwa asanu ndi mmodzi ku Manchester. Kwa abambo chinali mmodzi mwa asanu ndi atatu ku Harrow ndi mmodzi mwa asanu ku Manchester. Pa khansa ya m'mapapo mpata unali waukulu kuposa pamenepa. Amayi a ku Knowsley, boma loyandikana ndi Liverpool, anali pa chiopsezo chowirikiza katatu poyerekeza ndi amayi a ku Waverley, ndipo abambo a ku Manchester anali pa chiopsezo chowirikiza katatu poyerekeza ndi abambo a ku Guildford. Waverley ndi Guildford onse ali m'chigawo cha Surrey, chimodzi mwa zigawo zolemera kwambiri ku England.

Bungwe la Cancer Research UK linatulutsa lipoti mu Febuluwale 2025 losonyeza kuti imfa za khansa m'madera osaukitsitsa a United Kingdom ndi zochuluka ndi pafupifupi 60 peresenti kuposa m'madera olemera kwambiri. Linawerengera kuti imfa pafupifupi 28,400 pa chaka zimagwirizana ndi umphawi, ndipo pafupifupi theka la imfa zimenezi ndi za khansa ya m'mapapo. Palibe khansa ina imene imathandizira kwambiri kusiyanaku.

Sikuti pali magulu awiri okha, osauka ndi olemera. Madera akagawidwa m'magulu asanu kapena khumi, imfa zimakwera pang'onopang'ono ngati makwerero, ndipo gulu lililonse limakhala ndi imfa zambiri kuposa gulu lopeza bwino loyandikana nalo. Michael Marmot, katswiri wa zaumoyo wa ku University College London, anatsindika mfundo imeneyi mu lipoti lake la mu 2010 lotchedwa Fair Society, Healthy Lives, limene linanenanso kuti anthu a m'madera osaukitsitsa a England amamwalira zaka zisanu ndi ziwiri msanga kuposa a m'madera olemera kwambiri. Nkhaniyi inali isanayambe ndi iye. Lipoti la Douglas Black la mu 1980 linali litasonyeza kale kuti patatha zaka zoposa 30 NHS ilipo, kusiyana kwa imfa pakati pa anthu a ntchito zamanja ndi a ntchito za mu ofesi kunali kusanathe.

Maboma ambiri okhala ndi imfa zochuluka ndi amene kale anali ndi migodi ya malasha, mafakitale a nsalu ndi zitsulo, madoko ndi malo opangira sitima za pamadzi. Zambiri mwa ntchito zimenezi zinatha pakati pa zaka za m'ma 1970 ndi 1990, ndipo m'matauni ambiri sizinalowedwe m'malo ndi zina zolipira mofanana. Zomwezi zimaonekanso ku Scotland, kumene mzinda wa Glasgow umadziwika ndi kuchuluka kwa khansayi.

Fodya

Cancer Research UK imawerengera kuti pa anthu 100 aliwonse opezeka ndi khansa ya m'mapapo ku United Kingdom, 72 amadwala chifukwa cha fodya. Kuti munthu amvetse chifukwa chake matendawa anasanduka a osauka, ayenera kubwerera ku nthawi imene kusuta kunali kwa aliyense.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 khansa ya m'mapapo inali yosowa. Ndudu zopangidwa ndi makina zitatsika mtengo, ndiponso asilikali atazolowera kupatsidwa fodya pa nkhondo ziwiri zikuluzikulu za padziko lonse, kusuta kunafalikira. Mu 1948 abambo pafupifupi asanu ndi atatu mwa khumi aliwonse ku Britain ankasuta. Ankasuta olemera ndi osauka omwe, aphunzitsi, nduna za boma ngakhalenso madokotala. Mu 1950 Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anasindikiza kafukufuku wa odwala a m'zipatala za ku London wosonyeza kuti pafupifupi abambo onse odwala khansayi anali osuta. Doll mwiniwake ankasuta, ndipo anasiya ali mkati mwa kafukufukuyu. Mu 1951 awiriwa anayamba kutsatira umoyo wa madokotala pafupifupi 40,000 a ku Britain, ntchito imene inapitirira kwa zaka 50.

Mu 1962 bungwe la madokotala la Royal College of Physicians linatulutsa lipoti lotchedwa Smoking and Health, ndipo mu 1965 kutsatsa ndudu pa wailesi yakanema kunaletsedwa. Anthu anayamba kusiya, koma sanasiye onse pamodzi. Oyamba anali madokotala ndi anthu ena ophunzira, kenako a ntchito za mu ofesi. Anthu a ntchito zamanja anatsalira. Mu 1974 abambo 51 ndi amayi 41 mwa 100 aliwonse ku Britain ankasuta ndudu. Pofika mu 2023 chiwerengero cha akuluakulu osuta ku United Kingdom chinali chitatsika kufika pa 11.9 peresenti, koma pakati pa anthu a ntchito zamanja osuta anali owirikiza kawiri ndi kupitirira poyerekeza ndi mabwana ndi akatswiri a ntchito zophunzira. Mpata wa imfa umene ukuoneka lero unabadwa m'zaka zimenezo, pamene ena anasiya msanga ndipo ena anachedwa.

Khansayi imatenga zaka zambiri kuti ioneke, kawirikawiri 20 mpaka 30 kapena kupitirira kuchokera pamene munthu anayamba kusuta. Imfa za abambo zinafika pachimake kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ndipo kuyambira pamenepo zakhala zikutsika. Amayi anayamba kusuta mochuluka mochedwerapo, makamaka pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ndi pambuyo pake, choncho imfa zawo zinapitiriza kukwera kwa zaka zambiri za abambo zitayamba kale kutsika. Masiku ano khansa ya m'mapapo imapha amayi ambiri ku United Kingdom kuposa khansa ya m'mawere, mfundo imene anthu ambiri saidziwa. Zikutanthauzanso kuti mapu a imfa za chaka chino akusonyeza kasutidwe ka m'ma 1980 ndi 1990, osati ka lero.

Kafukufuku wa ku England wasonyeza kuti osuta osauka amayesa kusiya kawirikawiri ngati mmene olemera amachitira, koma ochepa ndi amene amakwanitsa. Zifukwa zake ndi zingapo ndipo zimalukana. Ambiri amayamba ali aang'ono, popeza mwana wokulira m'nyumba ya makolo osuta amayamba mosavuta, ndipo osuta ambiri ku Britain anayamba asanakwanitse zaka 18. Woyamba msanga amasuta ndudu zambiri pa tsiku ndipo thupi lake limazolowera kwambiri nikotini. Akafuna kusiya amapeza kuti mkazi kapena mwamuna wake, anzake a kuntchito ndi oyandikana nawo nyumba akusutabe. Masitolo ogulitsa fodya amachuluka m'madera osauka, ndipo fodya wozembetsedwa, amene salipiridwa msonkho, amapezeka motsika mtengo m'madera omwewo. Kusuta kumachulukanso pakati pa anthu odwala matenda a maganizo, osowa ntchito ndi okhala m'nyumba za khonsolo.

Hilary Graham, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, anafufuza m'zaka za m'ma 1980 za amayi osauka olera ana aang'ono. Anapeza kuti amayiwa ankadziwa bwino kuopsa kwa fodya, koma ndudu inali chinthu chokhacho chimene ankadzigulira iwo eni, komanso mpata wa mphindi zochepa wopumira pa tsiku lodzaza ndi nkhawa. Kunena kuti kusuta ndi chisankho cha munthu payekha n'zoona ndithu, koma sikufotokoza chifukwa chake anthu a m'tauni imodzi amasankha mofanana chonchi. Mwachitsanzo, chakumapeto kwa zaka za m'ma 2010, mayi mmodzi mwa anayi aliwonse ku Blackpool ankasutabe pa nthawi yobereka, pamene m'maboma ena a pakati pa London sankakwana atatu pa 100.

Kusiya kumathandiza pa msinkhu uliwonse. Zotsatira za kafukufuku wa madokotala uja, zosindikizidwa mu 2004, zinasonyeza kuti osuta moyo wawo wonse amataya zaka pafupifupi khumi, kuti wosiya ali ndi zaka 30 amapewa pafupifupi chiopsezo chonse, ndipo wosiya ali ndi zaka 50 amachichepetsa ndi theka.

Ntchito ndi mpweya

Si onse odwala khansayi amene anasutapo. Roy Castle, woimba ndi wosangalatsa anthu pa wailesi yakanema, sankasuta koma anamwalira nayo mu 1994, ndipo iye ankakhulupirira kuti anaitenga ku utsi wa m'makalabu mmene ankaimba lipenga kwa zaka zambiri. Bungwe la Roy Castle Lung Cancer Foundation la ku Liverpool limatchedwa dzina lake.

Asibesitosi ankagwiritsidwa ntchito kwambiri popanga sitima za pamadzi, pomanga nyumba ndi pokuta mapaipi otentha. Mitundu ina inaletsedwa mu 1985 ndipo wotsalayo mu 1999, koma fumbi limene munthu anapuma ali mnyamata limatha kumudwalitsa atapuma kale pa ntchito. Matauni opanga sitima monga Barrow-in-Furness, Sunderland, Plymouth ndi Portsmouth anakhudzidwa kwambiri. Asibesitosi amayambitsa khansa ya kachikopa kokuta mapapo yotchedwa mesothelioma, imene imawerengedwa payokha, komanso khansa ya m'mapapo yeniyeni. Munthu amene anapuma fumbili n'kumasutanso ali pa chiopsezo chachikulu kuposa kungophatikiza ziwirizo. Fumbi la miyala ndi utsi wa dizilo zilinso m'gulu la zoyambitsa khansayi, ndipo amene amazipuma tsiku ndi tsiku ndi anthu a ntchito zamanja. Bungwe loona za khansa la World Health Organization linaika utsi wa dizilo pa mndandanda wa zoyambitsa khansa mu 2012, ndi mpweya woipa wa panja mu 2013. M'mizinda, nyumba zotsika mtengo nthawi zambiri zimakhala m'mbali mwa misewu ikuluikulu.

Chimodzi chimene sichitsatira umphawi ndi radon, mpweya wopanda fungo wotuluka m'miyala ya pansi n'kumaunjikana m'nyumba. Umachuluka ku Cornwall ndi Devon, kum'mwera chakumadzulo, ndipo umagwirizanitsidwa ndi imfa pafupifupi 1,100 za khansa ya m'mapapo pa chaka, zambiri mwa izo za anthu osuta kapena amene ankasuta.

Kuchedwa kudziwika kwa matenda

Madokotala amagawa khansa m'masiteji anayi. Pa siteji yoyamba chotupa chimakhala chaching'ono ndipo chikhoza kuchotsedwa ndi opaleshoni, pamene pa siteji yachinayi matenda amakhala atafalikira ku ziwalo zina. Ku England, anthu oposa 60 mwa 100 aliwonse opezeka ndi khansa ya m'mapapo pa siteji yoyamba amakhalabe moyo patatha zaka zisanu. Pa siteji yachinayi ndi pafupifupi asanu okha. Vuto ndi lakuti chotupa chikamayamba sichipweteka, ndiye ambiri amapezeka nacho mochedwa.

Zizindikiro zake ndi chifuwa chosatha milungu itatu, magazi m'makhololo, kubanika popuma, kupweteka kwa pachifuwa, kutopa ndi kuwonda popanda chifukwa. Munthu amene wasuta zaka 30 amakhala atazolowera kutsokomola, ndipo ngati ali kale ndi matenda otseka njira za mpweya, amene ndi ofala m'madera osauka, saona kuti chasintha n'chiyani. Ena amachita manyazi poganiza kuti dokotala awadzudzula. Ena anaonapo bambo kapena mnansi wawo akumwalira patangopita miyezi yochepa atauzidwa za matendawa, ndipo amaona kuti kudziwa sikungathandize. Wogwira ntchito yolipidwa pa ola amataya ndalama akapita kuchipatala. Zotsatira zake n'zakuti kwa zaka zambiri pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu aliwonse ku England ankadziwika kuti ali ndi khansayi atathamangira naye kuchipatala mwadzidzidzi, ndipo njira imeneyi ndi yofala kwambiri pakati pa osauka.

Mu 1971 Julian Tudor Hart, dokotala wa m'mudzi wa migodi wa Glyncorrwg ku Wales, analemba mu The Lancet kuti chithandizo chabwino cha kuchipatala chimachepa kumene chikufunika kwambiri. Mfundo yake imatchulidwabe, chifukwa madokotala a m'madera osauka a England amasamalira odwala ambiri, okhalanso ndi matenda angapo nthawi imodzi. Ngakhale khansa itapezeka msanga, wodwala amene mtima ndi mapapo ake ndi ofooka kale sangapirire opaleshoni. Kalembera wa National Lung Cancer Audit wakhala akusonyezanso kuti chiwerengero cha odwala ochitidwa opaleshoni chimasiyana pakati pa zipatala.

Kumene mapu awiriwa amasiyana

London ili ndi maboma ena osauka kwambiri, monga Newham ndi Tower Hamlets, koma kafukufuku wa ku Imperial College uja anapeza kuti imfa za khansa zinatsika kwambiri mu London kuposa m'zigawo zina. Zifukwa zimene zimatchulidwa ndi monga kuchuluka kwa anthu obadwira kumayiko ena kumene amayi sasuta kawirikawiri, kuyandikira kwa zipatala zikuluzikulu, ndi kusintha kwa anthu okhala m'maderawo pamene mitengo ya nyumba inakwera.

Matauni a m'mbali mwa nyanja ali ndi nkhani yawoyawo. Ku Blackpool, anthu atayamba kupita kutchuthi kumayiko akunja, nyumba zambiri zogona alendo zinasandutsidwa zipinda za lendi yotsika, ndipo zimakopa anthu odwala ndi osowa ntchito ochokera m'mizinda ina. Apa dera silidwalitsa anthu lokha, limalandiranso odwala kale. Chris Whitty, mkulu wa madokotala ku England, anapereka lipoti lake la mu 2021 ku nkhani ya umoyo wa m'matauni oterewa.

Kuyeza mapapo

Kuyeza anthu amene sakumva kudwala kunayamba kukhulupiriridwa mu 2011, pamene kafukufuku wa ku United States wa anthu oposa 53,000 anasonyeza kuti kujambula mapapo ndi makina a CT kumachepetsa imfa za khansayi ndi 20 peresenti poyerekeza ndi ekisire wamba. Kafukufuku wina wa ku Netherlands ndi Belgium wotchedwa NELSON anapeza mu 2020 kuti imfa za abambo zinatsika ndi 24 peresenti. Nkhawa inali yakuti pa mapulogalamu ena oyeza khansa, amene amabwera ambiri ndi anthu opeza bwino, ndiye kuyeza kukanatha kukulitsa mpata m'malo mouchepetsa.

Mu 2016 madokotala a ku Manchester anayesa njira ina. Anakweza makina a CT pa malole n'kukawaimika pa malo oimikapo magalimoto a masitolo akuluakulu, m'madera osauka a mzindawo. Anaitana anthu a zaka 55 mpaka 74 amene anasutapo, ndipo sanatchule mawu akuti khansa pa dzina la ntchitoyi, anangoitcha kuyeza umoyo wa mapapo. Anthu oposa 2,500 anabwera, ambiri ochokera m'madera osaukitsitsa, ndipo pa makhansa khumi aliwonse amene anapezeka, pafupifupi asanu ndi atatu anali pa masiteji oyambirira.

Mu 2019 NHS England inakulitsa ntchitoyi, kuyambira m'madera okhala ndi imfa zambiri za khansayi monga Hull, Doncaster, Blackpool, Knowsley, Corby ndi Newcastle. Munthu amayamba wafunsidwa za mmene anasutira ndi za umoyo wake, ndipo amene chiopsezo chake chapezeka chokwera ndi amene amajambulidwa. Osutabe amapatsidwa chithandizo choti asiye. Komiti ya UK National Screening Committee inavomereza kuyezaku mu 2022, ndipo mu Juni 2023 boma linalengeza kuti kufalikira ku England konse, ndi cholinga chofikira onse oyenera pofika mu 2030. Pafupifupi atatu mwa anayi aliwonse opezeka ndi khansa kudzera m'njirayi amakhala pa siteji yoyamba kapena yachiwiri. Mu 2023 NHS England inanena kuti anthu a m'madera osaukitsitsa, amene kale ankatsalira, tsopano ndi amene ankapezeka ndi khansayi msanga kuposa a m'madera olemera. Kuyezaku kulinso ndi zovuta zake: makina amaona timadontho tambiri timene si khansa, ndipo munthu amakhala ndi nkhawa miyezi ingapo podikira kujambulidwanso. Anthu amene sanasutepo saitanidwa.

Malamulo ndi ndalama

Kusuta m'mabala, m'malesitilanti ndi m'malo a ntchito kunaletsedwa ku Scotland mu Malichi 2006 ndi ku England pa 1 Julayi 2007. Chaka chomwecho msinkhu wogulira fodya unakwezedwa kuchoka pa zaka 16 kufika pa 18, ndipo kuyambira mu Meyi 2017 ndudu zonse zimagulitsidwa m'mapaketi a mtundu umodzi opanda zokongoletsa. Mu 2019 boma linaika cholinga choti pofika mu 2030 osuta ku England asapitirire 5 peresenti, koma lipoti la Javed Khan la mu 2022 linachenjeza kuti madera osaukitsitsa adzafika pamenepo mochedwa ndi zaka zambiri.

Kuyambira mu Epulo 2013 ntchito yothandiza anthu kusiya fodya ili m'manja mwa makhonsolo. Bungwe la Health Foundation linawerengera kuti ndalama za zaumoyo zimene boma limapereka ku makhonsolo zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi pa munthu aliyense kuchokera mu 2015, ndipo madera osauka ndi amene anataya zambiri. Mu Okotobala 2023 boma linalonjeza ndalama zowonjezera zokwana mapaundi 70 miliyoni pa chaka za ntchito yothandiza anthu kusiya fodya. Mu 2024 nyumba ya malamulo inalandira bilu yoletsa kugulitsa fodya kwa aliyense wobadwa kuyambira pa 1 Januwale 2009. Ana obadwa chaka chimenecho adzafika zaka 55, msinkhu umene kuyeza mapapo kumayambira, mu 2064.